Mawu akuti orb: chobulungira kapena mkombero?

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa kamawu ka Chingerezi ka zilembo zitatu, orb, kamene ndaona kuti kamawapunthwitsa anzathu omasulira nkhani. Pa 6 Meyi 2023, pamene Mfumu Charles III inkalongedwa ufumu ku tchalitchi cha Westminster Abbey mumzinda wa London, ndinamva muulutsi wa pa wailesi ina akunena kuti mfumuyo yapatsidwa "mpira wagolide", ndipo mdzukulu wanga, amene tinakhala naye pakhonde, anandifunsa ngati mafumu a ku Mangalande nawonso amakankha chikopa.

Chimene anachiika m'dzanja la mfumuyo, chimene Angerezi amachitcha orb, ndi chobulungira chagolide chopanda kanthu m'kati, chokhala ndi mtanda pamwamba, ndipo chimaimira dziko lapansi lili pansi pa ulamuliro wa Khristu. Anachisula mu 1661 polonga Charles II, ndipo ndi chomwecho chimene chinali pa bokosi la maliro a Mfumukazi Elizabeth II mu Seputembala 2022. Mu 1671 gulu la munthu wina dzina lake Thomas Blood linayesa kuchiba ku Tower of London, kumene amasungirako zinthu zachifumu, wina wa iwo n'kuchibisa m'buluku, koma anagwidwa asanapite patali.

Komabe si chilichonse chotchedwa orb chimene chili chobulungira, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yanga. Mawuwa analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1400 kudzera ku Chifalansa, orbe, koma gwero lake ndi Chilatini, orbis, amene poyamba ankanena chinthu chozungulira koma chaphwatalala, monga mkombero wa lichero, mphete kapena gudumu la ngolo. Aroma pofuna kunena chobulungira ngati dzungu anali ndi mawu ena, globus. Dziko ankalitcha orbis terrarum, kutanthauza mkombero wa maiko, ndipo Akatolika amawamvabe mawuwa pa Khirisimasi ndi pa Pasaka pamene Papa akupereka dalitso la Urbi et Orbi, ndiye kuti kwa mzinda wa Rome ndi kwa dziko lonse. Popeza ankatchulira dziko, dzuwa ndi mwezi, zimene ndi zobulungira, mawuwa anasenza matanthauzo onse awiri.

Tanthauzo lakalelo silinafe. Kangaude amene timamupeza m'mawa atatchera ukonde wake pakati pa mapesi, mame ali mbuu, Angerezi amamutcha orb-weaver, chonsecho ukondewo ndi waphwatalala, mizere yake yozungulira. Womasulira amene angalembe kuti kangaudeyo amaluka mpira ndiye kuti sanapiteko kumunda.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri, monga munthu amene anakula akuyendetsa ngolo, ndi mbale wake wa mawuwa, orbita, amene kwa Aroma anali kanjira kamene magudumu amakumba akadutsa pamalo amodzimodzi kambirimbiri. Kuchokera pamenepo Chingerezi chinapeza orbit, njira imene dziko limayendamo pozungulira dzuwa, ndiponso dzina la chibowo cha m'chigaza mmene mumakhala diso. Ngakhale exorbitant, mawu amene olemba nkhani amakonda akamadandaula za mtengo wa feteleza, akunena chinthu chimene chachoka m'kanjira ka ngolo kaja n'kulowera kutchire.

Chichewa chathu n'cholemera pamenepa kuposa orb, chifukwa mwana aliyense amasiyanitsa nkhata, imene ndi yozungulira, ndi lalanje, limene ndi lobulungira, mwakuti womasulira sayenera kuthamangira liwu loyamba limene walipeza mu dikishonale asanachione chinthucho. Cha Mfumu Charles chija ndikupempha kuti m'nyuzipepala yanu muzichitcha chobulungira chaufumu, mpira tiwasiyire anyamata a ku bwalo la zamasewera.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Dedza