Kwa inu a sitolo ya makina ku Lilongwe: ndalama zanga kapena makina enieni odulira mitengo, sankhanipo chimodzi

Ndalemba pano pa tsamba lanu chifukwa foni mwasiya kuyankha, ndipo pa WhatsApp mauthenga anga mukumawerenga n'kungokhala duu. Dzina la sitolo sindilitchula, mukudzidziwa. Chonde musafufute, ndajambula kale.

Ine ndine wa ku Dedza. Ntchito yanga ndi yodula ndi kutengulira mitengo. Sindicheka matabwa m'nkhalango ya Chongoni usiku, komanso siwotcha makala. Ndimaitanidwa bulugamu akapendekera denga la munthu, nthambi ya jakaranda ikayamba kukhudza mawaya a magetsi, kapena paini wa pa tchalitchi akauma ana n'kumasewera pansi pake. Mtengo wachilengedwe ngati mbawa sindiukhudza mwini wake asanandionetse chilolezo cha a zankhalango. Ndili ndi anyamata atatu, mmodzi ndi mwana wa mlongo wanga. Chuma chonse cha kampani yathu chimakwana pa kabaza ziwiri: zingwe, lamba wokwerera, makwerero, zisoti, nkhwangwa, tupa wonolera tcheni, ndi makina a tcheni odulira mitengo. Makina akaima, tonse anayi taima, ndi mabanja athu omwe.

Zaka zonsezi ndakhala ndikugwiritsa ntchito kamakina ka Husqvarna kakale komwe ndinagula kwa munthu. Kandidyetsa, sindikanyoza, koma n'kakang'ono, ndipo abulugamu a ku Bembeke ndi ku Linthipe ena munthu mmodzi sangawakumbatire. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa makina aakulu unkandithawa: ndikasunga kufika apa, iwo ali apo. Mapeto ake ndinagulitsa kachewere yense wa m'dimba, mayi a kunyumba n'kukatenga ngongole ku banki m'khonde, tinaphatikiza. Chiwerengero chake sindilemba pano kuopa abale angayambe kundiona ngati mpondamatiki. Chili pa lisiti, ndipo lisitilo ndi lanu.

Ndikukumbutseni zimene zinachitika m'sitolo mwanu mu September. Mnyamata wanu wa pa kauntala ananditsitsira makina pa shelefu, ofiirira ndi otuwa, dzina la Stihl lili mbee pambali, chitsulo choyendamo tcheni cha mainchesi 20. Ndinamufunsa katatu konse ngati ali enieni. Anati, "Achimwene, awa ndi olijino, a ku Germany. Mudzawasiyira ana anu." Inu a manejala munali pomwepo, munagwedeza mutu, ndipo ndi dzanja lanu munalemba pansi pa lisiti kuti galanti ndi ya miyezi 6. Mtengo unali wotsikirako poyerekeza ndi kwina komwe ndinafunsa. Pamenepo pokha ndiye ndikuvomera kulakwa kwanga: ndinakomedwa. Munandiuza kuti mumaoda nokha kunja popanda wapakati, ine n'kukhulupirira.

Sabata yoyamba buleki ya tcheni inayamba kuvuta. Amene sagwira ntchitoyi sangadziwe kuti ka pulasitiki ka patsogolo pa dzanja lamanzere kaja ndi ka chiyani. Nsonga ya makina ikagunda chinthu molakwika, makina amalumpha kubwerera kumaso kwa wodula, ndipo kameneko ndi komwe kamaimitsa tcheni isanafike pamphumi. Ndinakuimbirani. Munati, "Akadali atsopano, azolowera." Buleki imazolowera chiyani? Anyamata ndinawaletsa kukwera nawo mumtengo, ndinati awa ngapansi basi, kumwamba tizipita ndi kakale.

Tsopano tsiku lomwe landichititsa kulemba zonsezi. Kunali ku Bembeke, mu October, nthawi imene aliyense amakumbukira mitengo yake chifukwa mvula yoyamba kuno imabwera ndi mphepo yosasula madenga. Agogo ena anali ndi bulugamu wamkulu kuseri kwa nyumba, wopendekera ku khitchini ndi khola la mbuzi. Tinayamba m'mawa. Mphwanga uja anakwera, nthambi zonse tinazitsitsa imodziimodzi ndi chingwe, n'kutsala thunthu lalitali. Tinamanga chingwe kumtunda, anyamata awiri n'kukachigwira kumunda komwe timafuna ligwere. Ine ndinasema kamwa kumbali ya kumundako, n'kuzungulira kuseri kuti ndidule komaliza. Pakati pa kamwa ndi podula pakuseri timasiya kagawo kosadula, ndi kamene kamagwira mtengo ngati chitseko kuti usatembenuke pogwa. Zimenezi zimafuna kuti ukayamba umalize, osapumira.

Ndili pakati, makina anangoti tswii, kenako zii. Ndinakoka chingwe cholizira, gwa, osasuntha n'komwe. Chitsulo chili mkati mwa mtengo, mtengo wadulidwa kupitirira theka, mphepo ya ku Bembeke ikuwomba kuchokera kolakwika. Ndinamva thunthu likulira mkati, kwee, kwee. Agogo aja anali ataima pakhonde ndi kamdzukulu kumbuyo, akundifunsa, "Bambo, zili bwino?" Ndinawayankha kuti zili bwino, chonsecho miyendo ikunjenjemera, n'kuwapempha kuti apite kaye kwa aneba ndi mwanayo. Ka Husqvarna sikakanafika mkati, chitsulo chake n'chachifupi, ndipo mafuta tinali titakathera m'nthambi. Tinakhoma zitsulo pa mpata wa kuseri kuti mtengo usabwerere kunyumba, tinamasula makina anuwo n'kusiya chitsulo ndi tcheni momwemo, anthu a m'mudzi anabwera kudzathandiza kukoka chingwe, ine n'kumaliza ndi nkhwangwa ndi sowo yamanja. Zinatitengera maola awiri ndi theka. Mtengo unagwa, koma unakhota pang'ono n'kuphwanya ngodya ya khola. Mbuzi zinapulumuka. Khola ndinamanga ndi ndalama zanga, ndipo agogowo sindinawalipiritse, ndikanayamba bwanji?

Pali mawu akuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo ine ntchitoyi ndinaisankha ndikudziwa kuti ndi yoopsa. Koma kuopsa kwa mtengo ndimakudziwa, ndimakuwerengera. Sindinawerengere kuti wondigulitsa chida andinamiza.

Ndisanabwere kwa inu ndinadzera ku Lizulu kwa mnzanga amene amagwira ntchito yomweyi kumbali ya Ntcheu. Iye ali ndi Stihl yeniyeni, mtundu womwewo umene munalemba pa lisiti. Tinayala thumba pansi n'kuwagoneka pamodzi. Ukawaonera patali ndi mapasa. Ukawanyamula, manja ako amakuuza okha. Pulasitiki ya anga ndi yopyapyala, ukaidina imalowa. Chivundikiro cha sefa ya mpweya cha ake sichinalowe pa anga, mabowo sakugwirizana. Nambala ya makina pa anga ili pa kapepala komata kamene kanali katayamba kale kumatuka ndi mafuta, ndipo nditayang'ana lisiti ndinapeza kuti malo olemba nambalayo munawasiya opanda kanthu. Injini sitinatsegule, ndinadziwa kuti mudzapezerapo chifukwa. Tinangochotsa pulagi n'kuunika ndi tochi ya foni. Mnzangayo anangopukusa mutu, amvekere, "Amwene, apa munagula utoto." Kampani ya Stihl ilibe mlandu ndi ine, makina amenewa sinawaonepo n'komwe. Mlandu ndi wanu amene munawatcha dzina la eni.

Kuchokera pa boma la Dedza kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85. Msewu wa M1 umenewu ndauyenda kanayi chifukwa cha inu, kupita ndi kubwerera, pa minibasi, tsiku lonse la ntchito n'kutayika. Ulendo woyamba munalandira makina n'kunena kuti amakaniko awaona. Wachiwiri munati bwana wamkulu ali kunja. Wachitatu munati zipangizo zili m'njira. Wachinayi ndi umene unandipweteka mtima, chifukwa munandiuza pamaso pa makasitomala ena kuti ndinapha makina ndekha posakaniza mafuta molakwika, ndipo mnyamata wanu anawonjezera kuti "anthu a kumudzi amathira oilo wa galimoto."

A manejala, tiyeni tikambe za mafutawo. Makina amtunduwu alibe posungira oilo wa injini payekha, oilo amalowera limodzi ndi petulo. Muyezo wake ndi 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 100 a oilo mu malita 5 a petulo. Ine ndimayeza ndi kabotolo kolembedwa mizere, sindithira mongoganizira, ndimasakaniza ndekha m'chigubu chimodzi n'kukhutchumula, ndipo anyamata saloledwa kuchita zimenezi ine kulibe. Chigubu chomwecho ndi chomwe chimamwetsa ka Husqvarna, ndipo iko mpaka lero kakulira. Nanga mafuta amodzi apha bwanji makina a milungu isanu n'kusiya nkhalamba? Komanso oilo amene ndinkathirayo ndinagula kwa inu tsiku lomwelo, ali pa mzere wachiwiri wa lisiti lomwelo. Ngati oiloyo ndi amene anapha injini, ndiye kuti milandu yanu ndi iwiri.

Munanenanso kuti mwina ndinkadula mitengo yolimba kwambiri. Bulugamu wamuwisi? Ndikanakhala ndikulimbana ndi tsanya wouma bwenzi ndikumvetserako. Makina aakulu chonchija akakanika bulugamu, ndiye munandigulitsa oti ndizidulira chiyani, nthochi?

Lero ndi sabata yachisanu ndi chiwiri makina ali m'manja mwanu. Nyengo imene ife timapezamo ndalama ya chaka chonse ikutha. Ntchito ya pa sukulu ina ku Lobi ndinaibweza, ya mitengo isanu pa mpanda wa munthu ku Chimbiya anapatsa wina. Mnyamata mmodzi ndamuuza kuti ayambe wakhala kunyumba, pano akunyamula matumba a kabichi pa msewu. Ku banki m'khonde samva za pisitoni, tsiku lobweza likafika amafuna ndalama zawo, ndipo amene amakaima pamaso pa amayi anzake ndi mkazi wanga, osati inu.

China chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti ulendo wachinayi uja ndinaona makina ena atatu ofanana ndi anga akadali pa shelefu, ndi mtengo womwewo. Wina adzawagula. Mwina sadzakhala ngati ine amene ndinaletsa anyamata kukwera nawo. Adzapita nawo pamwamba pa mtengo, atadzimanga ndi lamba, buleki ija n'kukana pa nthawi yake. Anzanga a ntchitoyi ku Dedza, Ntcheu, Salima ndi kwina amene mukuwerenga, musanapereke ndalama kulikonse uzani wogulitsa alembe nambala ya makina pa lisiti inu mukuona, alize makinawo pomwepo, ndipo muyese buleki ndi dzanja lanu tcheni ikuzungulira.

Zimene ndikufuna n'zosavuta. Mundibwezere ndalama zonse za pa lisiti, kapena mundipatse makina enieni a mtundu umene munalemba, okhala ndi nambala yotsimikizika. Kukonza amenewa ayi, sindiwafunanso ngakhale mutaikamo injini yatsopano. Za khola, za minibasi ndi ntchito zomwe zandidutsa sindikukulipiritsani, ngakhale ndikanatha kutero. Ndipo musanditumizirenso uthenga woti "tikambirane ku inbox." Ku inbox ndakhalako milungu isanu ndi iwiri. Yankhani pompano pamene anthu akuona.

Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, kuli bungwe la CFTC lolandira madandaulo otere, kulinso a MBS oona za katundu wosayenera. Sindinapiteko chifukwa ndinkati tithana ngati anthu. Lisiti ndapanga fotokope, zithunzi za ku Lizulu ndili nazo, mauthenga anu onse ndasunga, kuphatikizapo uja wa "azolowera." Lachisanu likudzali ndikwera minibasi yoyamba pa Dedza, ndifika pa sitolo panu mukamatsegula. Ndikatuluka chimanjamanja sindibwerera kudepoti, ndilunjika ku maofesi amenewo ndi mapepala anga.