Kodi ukukumbuka lupiya?

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Johannesburg konko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Chipata mvula yagwa, anthu ali kalikiliki kubzala.

Lamulungu lapitali mnyamata wina ankawerenga Mateyu 20 m'Baibulo lakale lija, fanizo la antchito a m'munda wa mpesa. Atafika pa "rupiya latheka" anadodoma, n'kubwerezanso, kenaka n'kungopitirira. Titatuluka ndinafunsa achinyamata amene anali pakhomo, ndipo panalibe wodziwa kuti ndi ndalama. Zinandikhudza ndithu, chifukwa agogo athu ankati lupiya ponena shereni, uku akumasula mfundo ya pansonga ya nsalu pamene ankamangapo makobidi awo.

Mawuwatu ayenda ulendo wautali. Kwawo ndi ku India. M'chilankhulo chakale cha Sanskrit, rupya ndi siliva wosulidwa, ndipo tsinde lake ndi rupa, kutanthauza maonekedwe kapena chifaniziro, monga chimene amadinda pa ndalama. Mfumu Sher Shah Suri, imene inalamulira kumpoto kwa India kuyambira 1540 mpaka 1545, ndiyo inatchukitsa ndalama yasiliva yotchedwa rupiya. Amalonda a panyanja anaifikitsa ku Zanzibar, Aswahili n'kumati rupia. Ngakhale Ajeremani polamulira dziko limene lero ndi Tanzania anasula yawo n'kuitcha Rupie. Ku Indonesia mpaka pano amagulira rupiah, kalembedwe kake kofanana ndi dzina la malemu pulezidenti wathu Rupiah Banda.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti makolo athu sanangobwereka mawuwa, anawasandutsa awo. Lilime lathu silisiyanitsa kwenikweni r ndi l, choncho rupiya inakhala lupiya. Ndalama ya ku India itasiya kuyenda kuno, dzinalo analipatsa ndalama ya Mngelezi, ndipo ankalitchula pogula mchere ndi nsalu m'masitolo a Amwenye ku Fort Jameson (dzina lakale la Chipata). Kwacha ndi ngwee zitabwera mu 1968, shereni inapita, lupiya n'kutsala pakamwa pa okalamba okha.

Ine ndayamba kulemba mawu otere m'kabuku, chifukwa eni ake akutha. Uwafunseko amayi ako ukawaimbira foni ngati ku Katete ankati lupiya kapena rupiya, komanso kuti ankagula chiyani ndi lupiya imodzi. Undilembere zimene akuuze.

Upereke moni kwa alamu.

Ndine mnzako wa ku Kapata.