Zitsime za fracking zichoke pafupi ndi nyumba

A Mkonzi,

Boma la Pennsylvania ku America liletse kukumba zitsime za fracking (zomwe amapopera madzi ndi mankhwala pansi kuti aswe miyala gasi atuluke) pakhomo pa anthu, nkhani yanu ija munangokamba za ndalama za gasi koma za mpweya womwe tikupuma ayi.

Ine ndimasamalira okalamba kuno ku Washington County komwe zitsimezi zili mbwee, agogo ena omwe ndimawasamalira ali ndi mphumu ndipo mphepo ikachokera kuchitsime amabanika usiku wonse, mawindo timatseka olo kutenthe bwanji. Pazitsimezi pamatuluka mpweya wa methane ndi benzene, benzene yo ndi yoyambitsa khansa ya m'magazi. Mu 2023 kafukufuku wa University of Pittsburgh anapeza kuti odwala mphumu okhala pafupi ndi zitsime amavutika kwambiri. Nanga tikudikira chani?

Lamulo limalola chitsime pa mamita 150 okha kuchoka panyumba, pomwe grand jury (gulu la nzika losankhidwa ndi khoti) yomwe inafufuza za fracking inati mu lipoti lake la 2020 akhale pafupifupi 760. A Josh Shapiro ndi amene anatulutsa lipotilo ali loya wamkulu wa boma la Pennsylvania, pano ndi gavanala, akakamize aphungu alisandutse lamulo. Makampaninso aziulula mankhwala onse omwe amapopera pansi asanayambe kukumba, madokotala azidziwa chomwe akuchiza.

Wowerenga wanu,
Pennsylvania