Tameki si yankho kwa khwangwala

Akonzi,

Mu Okutobala chaka chatha thadzi langa linaswa anapiye 11, koma pomwe masabata awiri amatha anali atatsala 4. Ndinkaganiza kuti ndi kabawi, mpaka tsiku lina ndili pakhonde ndinadzionera ndekha. Anali akhwangwala awiri omwe amagona mu bulugamu wa kuseri kwa chigayo. Mmodzi ankatera kutsogolo kwa make anapiye n'kumajowajowa ngati woputa ndewu. Thadzi likatukumula nthenga n'kumuthamangitsa, mnzake ankatsikira kumbuyo, n'kutola mwanapiye, ulendo. Mtima unandiwawa, sindibisa, chifukwa nkhukuzi ndi zomwe zimandigulira feteleza chipumireni ntchito ya uphunzitsi.

Mnansi wanga, yemwe nayenso anapiye ake ankatha, anachita zomwe ambiri kuno amachita: anathira tameki m'matumbo a nkhuku n'kusiya pabwalo. Khwangwala anafa mmodzi yekha. Madzulo ake anafanso galu wa mdzukulu wanga, thovu lili kukamwa, mwana akulira pambali. Ndi imfa ya galuyo yomwe yandigwiritsa cholembera.

Zomwe zinatsatira sindidzaziiwala. Akhwangwala oposa 20 anasonkhana m'mitengo yozungulira mtembo wa mnzawo, kukuwa kwake kosamvana. Atabalalika, panalibenso mmodzi wokhudza nyama ya pabwalo lija. Mpaka lero mnansi wangayo akangotuluka m'nyumba amamukuwiza, koma akazi awo amadutsa pansi pa mtengo womwewo popanda ndi mmodzi yemwe wotsegula pakamwa.

Makolo athu anati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba. Mwambiwu ndauphunzitsa ana zaka zambiri, koma tsopano ndikuona kuti chomwe timachitcha manthacho ndi kukumbukira. Mu 2006, John Marzluff ndi anzake pa yunivesite ya Washington mumzinda wa Seattle ku America anagwira akhwangwala 7 atavala chigoba kumaso, n'kuwamasula. Patapita zaka ziwiri, iye anayenda pasukulupo atavala chigoba chomwecho, ndipo mwa akhwangwala 53 omwe anakumana nawo, 47 anamukuwiza. Ogwidwa anali 7 okha. Enawo anadziwa bwanji nkhope imeneyi? Anaphunzira poona anzawo akuikuwiza, ana nawonso n'kutengera kwa makolo awo. Ndiye amene akuyembekeza kumaliza akhwangwala ndi poizoni adziwe kuti akupha mmodzi n'kuchenjeza mudzi wonse wa mbalamezi, pomwe galu, mphaka ndi mwana wokwawa alibe wowachenjeza.

Nzeru zawo sizithera pa nkhope. Ku Oxford mu 2002, khwangwala wa mtundu wa ku New Caledonia yemwe anamutcha Betty anapinda waya wowongoka kukhala ngowe, n'kukokera chakudya chomwe chinali pansi pa chubu. Koma yomwe imandifika pamtima ndi ya mbale wake wa khwangwala, mbalame ya ku America yotchedwa scrub jay, yomwe imakwirira chakudya kuti idzadye mawa. Nicola Clayton ndi Nathan Emery a ku Cambridge anapeza mu 2001 kuti ikaona inzake ikuiyang'ana pokwirira, imadikira kuti woonererayo achoke, n'kufukula kukabisa pena. Zomwe zinkachita zimenezi ndi zokhazo zomwe zinabapo chakudya cha zinzake. Zomwe sizinabepo sizinkadandaula. Kambalame kameneka kamayeza mtima wa mnzake ndi wake womwe, monga timachitira anthufe.

Tisaganize kuti izi ndi za kutali kokha. Alenje a uchi amaidziwa nsadzu, mbalame yomwe imalondolera anthu komwe kuli njuchi. M'nkhalango ya Niassa ku Mozambique, Claire Spottiswoode anayenda ndi abale athu a Chiyao, ndipo mu 2016 anasonyeza kuti mlenje akaimba kaitanidwe kawo ka “brrr-hm”, mwayi wopeza njuchi umakwera kuchoka pa 17 kufika pa 54 pa maulendo 100 aliwonse. Mbalame ya kutchire, yosawetedwa ndi munthu, imamva mawu omwe agogo anasiyira adzukulu. Agogo anga ankati ukafula uchi uziisiyira nsadzu zisa zake, ndipo ankanena zimenezi mosaseka.

Khwangwala ndi wakuba, sindimuikira kumbuyo. Amazula chimanga chongomera kumene, amatola mazira, amafukula mtedza. Koma ndi yemweyonso amene amachotsa galu wogundidwa pamsewu wa M1 asanayambe kununkha, amatola zinyalala za pamsika, ndipo amatsata khasu m'munda kudya mbozi ndi ziwala. Ntchito imeneyi palibe amamulipira, komanso palibe mwa ife angaifune.

Pempho langa likupita kwa alangizi a zaulimi, mafumu ndi aphunzitsi anzanga. Pamisonkhano ya m'mudzi nenani poyera kuti tameki wogulitsidwa m'timapepala pamsika sasankha pakamwa. Phunzitsani anthu kutchinjiriza anapiye m'malo motchera nyama ya poizoni pabwalo pomwe ana amasewera. Ndipo ana asukulu, m'malo mongogenda ndi legeni, atumidwe kukakhala pansi pa mtengo theka la ola n'kulemba zomwe akhwangwala akuchita. Ndikanakhala ndikadali m'kalasi, ndi ntchito yoyamba yomwe ndikanapereka.

Ine ndinaluka chitete chachikulu cha nsungwi, ndipo ndimavundikira thadzi ndi ana ake masabata anayi oyamba, kuwatulutsa pokhapokha pakhomo pali munthu. Mu Febuluwale thadzi lomwe lija linaswa 9, ndipo 8 akula. Akhwangwala anabwera masiku atatu oyamba, kuzungulira chitetecho n'kumasuzumira m'mipata, kenako anasiya.

Mphunzitsi wopuma,
Ntcheu