Mtima wapachala ukapyola muyeso, ankhoswe okha sangathe

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za anthu amene kuno ku Kasungu timangoti ndi amtima wapachala n'kuwasiya m'manja mwa ankhoswe kapena asing'anga, chonsecho ena mwa iwo ali ndi vuto la m'maganizo lotchedwa borderline personality disorder.

Akatswiri a zamaganizo amagawa chibadwa cha munthu m'mbali zikuluzikulu zisanu, ndipo zitatu ndizo zimaonekera kwambiri pa vutoli: kugwidwa msanga ndi nkhawa kapena mkwiyo, kuvutika kukhulupirira anzako, komanso kulephera kudzigwira. Tonsefe tili nazo pa mlingo wosiyanasiyana, koma mwa wodwalayo zimakula kwa zaka zambiri mpaka kumupasulira banja ndi ntchito. N'chifukwa chake buku la matenda la World Health Organization, ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, limayang'ana kukula kwa vutolo ndi mbali za chibadwa zimene zapyola muyeso.

Taganizirani za mayi amene amuna ake aperekeza mabelo a fodya ku Chinkhoma, foni yawo n'kuthima batire litatha. Wina angadandaule pang'ono n'kugona. Mayi wodwalayu amatsimikiza kuti ukwati watha, amaswa mbale, mwinanso kudzicheka ndi lezala pamkono, koma bambowo akafika m'mawa amawagwira miyendo akulira kuti asamusiye. Ankhoswe akakhala pamkeka amagamula kuti ndi mwano ndi nsanje. Ine ndikuona kuti chigamulo chotere, ngakhale chimaperekedwa ndi mtima wabwino, chimangowonjezera moto, pakuti odwala vutoli ali pachiopsezo chachikulu chodzipha.

Marsha Linehan, katswiri wa zamaganizo wa ku University of Washington ku America, anafotokoza kuti vutoli limakula pamene mwana wobadwa ndi mtima wokhudzidwa msanga akuleredwa pakhomo pomwe kulira kwake kumanyozedwa kapena kulangidwa, ndipo ambiri mwa odwalawa anachitidwapo nkhanza ali aang'ono. Iye anakonza uphungu wotchedwa DBT, wophunzitsa munthu kupirira mkwiyo ukabwera osadzivulaza. Mapiritsi okha sathetsa vutoli, koma kafukufuku wotsatira odwala kwa zaka 10 anapeza kuti ambiri zizindikiro zimawachepera kwambiri.

Chipatala cha amisala cha Zomba chili kutali, ndipo si mlimi aliyense angakwanitse thiransipoti yopita ku chipatala cha St John of God ku Lilongwe kapena ku Mzuzu kangapo pamwezi. Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti uphunzitse uphungu woterewu anamwino a matenda a maganizo m'zipatala za maboma, komanso kuti azikumana ndi mafumu, abusa ndi ankhoswe, amene nkhani zoterezi zimayambira kufika kwa iwo.

Wowerenga wanu,
Kasungu