Kalata kwa mnzanga amene akudikira chizindikiro

Achimwene okondedwa,

Landirani moni wochokera kuno kumudzi. Kalata yanu yafika. Mukuti miyezi yatha mukupemphera kuti mudziwe ngati mubwerere kuno kapena mukhalebe ku Johannesburg, ndipo simusuntha mpaka Mulungu atakupatsani chizindikiro, poti ngati anakonzeratu zonse ndiye kuti kusankha kwanu kulibe ntchito. Mawu amenewa andivutitsa mumtima, chifukwa mwaphatikiza mafunso awiri osiyana.

Loyamba ndi la chipulumutso, ndipo mkangano wake ndi wakale. Pelagius, mphunzitsi wina wachikhristu wakale, ankaphunzitsa kuti munthu angathe kumvera Mulungu ndi mphamvu zimene anabadwa nazo. Augustine wa ku Hippo anamutsutsa, ndipo msonkhano wa ku Carthage wa 418 unakana chiphunzitsocho. Otsatira Arminius, mphunzitsi wa zaumulungu wa ku Netherlands, atapereka mfundo zawo zisanu mu 1610, Sinodi ya ku Dort ya 1618 mpaka 1619 inawayankha, ndipo mayankhowo ndi amene Sinodi ya Nkhoma inalandira kwa amishoni a Dutch Reformed. Komatu a ku Dort, otsatira Arminius, Akatolika pa msonkhano wawo wa ku Trent mu 1547, ngakhalenso John Wesley, onse amagwirizana kuti chisomo ndiye chimayamba, munthu asanachite kanthu. Pamene amasiyana ndi pakuti munthu angathe kuchikana kapena ayi. Ndipo a ku Dort omwewo, amene anthu amati ndi ouma, analemba kuti chisomo sichitenga munthu ngati chitsa kapena mwala. Chimatsitsimutsa ndi kuchiritsa chifuniro chake, sichichichotsa.

Lanu ndi lachiwiri, la ntchito ndi pokhala. Werengani Machitidwe 27. Paulo anali atauzidwa kuti mwa anthu 276 a m'ngalawa muja palibe amene adzafe. Koma amalinyero atatsitsa bwato kuti athawe, Paulo anauza mkulu wa asilikali kuti anthuwa akachoka simupulumuka, asilikali n'kudula zingwe. Kenako anawauza kuti adye, ndipo pomaliza ena anasambira, ena anagwira matabwa. Lonjezo linakwaniritsidwa kudzera m'manja mwawo. Mawu akuti "zinalembedwa" sanagoneke munthu pansi.

Deuteronomo 29:29 amasiyanitsa zobisika, zimene ndi za Mulungu, ndi zovumbulutsidwa, zimene ndi zathu. Za mawa sanakulonjezeni kuti mudzazidziwiratu. Choncho yambani ndi zimene ananena kale. Kodi pa njira ziwirizi pali ina imene ikukukakamizani kunama pa mapepala, kuthawa ngongole, kapena kutaya banja? 1 Timoteo 5:8 ndi wolimba pa za kusamala a pabanja pako. Ngati ilipo, nkhani yatha, chizindikiro n'chosafunika.

Ngati zonse zili bwino, tengani pepala ndi cholembera. Lembani malipiro a pamwezi, lendi, thiransipoti, chakudya, zimene mumatumiza kuno, zotsala, ndi tsiku limene chiphaso chanu chikutha. Kumbali inayo lembani mpamba umene mungabwere nawo, chimene mungayambe, ndi miyezi imene banja lingadye chisanayambe kubweza. Ambiri amalakwa posiya mbali yachiwiriyi yopanda manambala chifukwa cha kupukwa kwawo. Pa Luka 14:28 Yesu anatenga kuwerengera mtengo ngati chinthu chimene munthu wanzeru aliyense amachita.

Mukatero funsani anthu awiri kapena atatu amene sangachite mantha kukutsutsani: alamu poyamba, mkulu wa mpingo wokudziwani, ndi wina amene anabwerera kale. Mutu umodzi susenza denga. Popemphera pemphani nzeru monga akunenera Yakobo 1:5, ndipo ikani tsiku lomanga mfundo.

Tsopano misampha, ndipo apa ndikupemphani mumvetsere. Woyamba ndi wa "khomo latseguka". Yona atafika ku Yopa anapeza ngalawa ya ku Tarisi ilipo, ndalama yolipira anali nayo, ndipo anagona tulo tofa nato. Mwayi unalipo, mtima unali phee, koma munthuyo ankathawa Mulungu. Mtendere wa mumtima nthawi zina umangobwera chifukwa wapewa chinthu chovuta. Wachiwiri ndi ubweya wa Gideoni pa Oweruza 6. Iye anapempha zizindikiro za mame pa ubweya atauzidwa kale chochita, ndipo Mulungu anamulezera mtima, sanatipatse lamulo loti tizitero. Kutsegula Baibulo chiponyeponye n'kuloza vesi ndi chala nakonso n'kulakwa, chifukwa vesi ikazulidwa pamalo pake imanena chilichonse chimene mtima ukufuna. Wachitatu ndi mneneri wokuuzani tsiku lonyamuka mutapereka kaye kangachepe. 1 Atesalonika 5:20-21 akuti tisanyoze maulosi koma tiyese zonse. Muyeseni ndi Malemba, ndi khalidwe lake, komanso ngati zimene ananena kale zinachitikadi.

Mukuopa kusankha molakwa, ndikudziwa. Pa Machitidwe 16 Paulo anafuna kulalikira ku Asiya, Mzimu n'kumuletsa. Anayesa kulowa ku Bituniya, analetsedwanso. Masomphenya a munthu wa ku Makedoniya anamupeza ku Trowa ali kale pa ulendo. Mulungu akakubwezani inunso mudzabwerera.

Munditumizire pepala lija mukalemba, pamodzi ndi tsiku limene mwaika, kuti ndizikupemphererani. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wokukumbukani nthawi zonse.