Osalasa kumbuyo kwa phewa, nswala si nyama ya ku America

Akonzi,

Tiloleni tikonze langizo lina limene alenje achinyamata kuno ku Tete akulitola m'mavidiyo a pa YouTube ndi Facebook, lakuti nyama uziilasa kumbuyo kwa phewa. Limenelo n'la nyama za ku America. Nswala, mbawala ndi ngoma zathu zili ndi mtima ndi mapapo kutsogolo, pakati pa mapewa, ndipo chifu chake n'chachikulu. Mukangosunthira kumbuyo chikhatho chimodzi, mwaboola chifu.

Tineneretu kuti tikulankhula ndi amene ali ndi chiphaso cha mfuti ndi chosakira, m'malo ololedwa monga a Tchuma Tchato, ndondomeko ya kuno ku Tete yoti anthu a m'midzi azisamalira nyama zakutchire n'kumapindula nazo. M'paki ya Mágoè, imene boma linakhazikitsa mu 2013, simusakidwa.

Nyama ikaima chopingasa, tsatani mwendo wakutsogolo ndi maso mpaka pamene walowera m'thupi. Kuyambira pansi pa chifuwa kukafika pamsana, gawani patatu, ndipo lunjikani pamene gawo loyamba lathera. Pamenepo chipolopolo chimadula mitsempha ikuluikulu ya pamwamba pa mtima n'kuboola mapapo onse awiri. Pa nswala, malowo kukula kwake ndi ngati mbale ya ndiwo. Mukaphonya pang'ono chokweza, mukadali m'mapapo. Nyama yolasidwa bwino imadumpha, n'kuthamanga mamita 50 kapena 100, n'kugwa. Kuthawa kumeneko sikutanthauza kuti mwaphonya.

Ikaima chopendekera, mutu uli kutali nanu, musayang'ane chikopa cha mbali yanuyi. Lunjikani mwendo wakutsogolo wa mbali inayo, chipolopolo chilowere kunthiti zakumbuyo chizipita kutsogolo. Ikapendekera chobwera kwa inu, wamfuti yonga .308 kapena .30-06 angathe kumenya pamfundo ya phewa. Ikakupatsani mbuyo, ilekeni.

Kumutu ayi. Ubongo ndi waung'ono, mutu sukhazikika, ndipo chimene chimathyoka kawirikawiri ndi nsagwada. Nyamayo imathawa ndi miyendo yonse inayi, n'kukafa ndi ludzu patapita masiku. Chenjeraninso ndi imene yagwa pompo ngati thumba: nthawi zina chipolopolo changokhudza timafupa ta pamwamba pa msana, yakomoka chabe. Lowetsani chipolopolo china, mfuti isachoke paphewa.

Wauta asamale koposa, chifukwa muvi suthyola fupa la phewa, umapha podula mitsempha. Mpaliro ukhale wakuthwa moti n'kumeta ubweya wa pamkono. Dikirani nyama iponye mwendo wa mbali yanu kutsogolo kuti nthiti zitseguke, ndipo musapitirire mamita 20 kapena 25. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, pamene muvi ngakhale wa uta wamakono nthawi zambiri sufika 100. Nswala imamva chingwe muvi usanafike, imanyonyomala kuti idumphe, muvi n'kudutsa pamsana. N'chifukwa chake amalunjika chotsitsako, ndipo nyama yotchera kale makutu saiponyera.

Mukawombera, musathamange. Ikani chizindikiro pamene munaima, kenako kaoneni magazi pamene inaima nyamayo. Ofiira mowala, a thovu, ndi a m'mapapo: dikirani mphindi 30. Ofiira moderapo, olemera, ndi a chiwindi: pamafunika maola atatu kapena anayi. Amadzimadzi, onunkha, okhala ndi tizidutswa ta msipu, ndi a chifu. Imeneyo ikasiyidwa imagona pafupi, koma ikathamangitsidwa imalowa m'tsanya osaonekanso, poti mafuta ndi matumbo zimatseka bala, magazi n'kuleka kudontha. Yang'ananinso pa udzu ndi masamba a msinkhu wa m'bondo, osati pansi pokha.

Apa ndi pamene langizo lakunja limatipwetekanso. Kumeneko amati yolasidwa m'chifu muisiye usiku wonse. M'chigwa cha Zambezi, mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo afisi sagona. Mmawa mupeza nyanga ndi ziboda, kapena nyama yobiriwira kale. Choncho dzuwa likapendeka kwambiri, kuwala kotsala kusakukwanira kulondola, musawombere. Imene mwaipeza itumbuleni pompo, mutsegule chifuwa ndi kamtengo, muipachike pamthunzi kuti mphepo ilowe.

Alenje achiphaso,
Chifunde, Tete